Chagada Mpaka Kukhoma

Che Sadik Mdala ananena mawuwo masana dzuwa likuswa mtengo, ataimirira pa sitepe ya lole yawo pa doko la Lungwena, anthu onse a khoka akumva.

"Bilal uyu ndikupita naye ku Ulaya, ku mpikisano wosambira wa dziko lonse. Mamita makumi asanu, chagada, masekondi makumi atatu asanakwane. Akalephera, muzidzanditchula wogulitsa usipa mpaka kumanda."

Kumeneko kunali kulumbira koopsa, chifukwa Che Sadik anayambadi ndi usipa: dengu limodzi pa njinga yopanda mabuleki. Tsopano anali ndi malole atatu, loji pa msewu wa ku Monkey Bay, ndi pasipoti yachinayi, atatu oyambawo atadzaza ndi zidindo za ku Joni, Dubai ndi Guangzhou. Munthu wotere palibe chimene sadziwa. Kusambira kokha ndiye sankatha, koma anali ataonera pa kanema m'mahotela a mayiko asanu ndi limodzi, ndipo zimenezo zinawakwanira kukhala kochi.

Bilal anali bambo wa ana awiri. Ntchito yake inali kumira n'kukawonjola khoka likakodwa m'miyala, ndipo pobwerera ku boti ankasambira chagada kuti aziona ngati lakodwanso, mikono ikuzungulira ngati yoikidwa petulo. Mwini khokalo anali mayi ake, a Mwanabibi, amene sanaombe nawo m'manja.

"Che Sadik, mutengeni," anatero. "Masiku a ulendo ndakupatsani ulere. Koma akabwera, tsiku lililonse limene adzalephere kugwira chingwe chifukwa cha masewera anuwa, mudzagwira ndinu."

"Achemwali, munthu angavulale bwanji atagona chagada m'madzi? Kumeneko n'kupuma!"

"Ndiye palibe chovuta. Vomerani pamaso pa anthuwa."

"Wallahi," anatero Che Sadik, dzanja la mphete zitatu lili m'mwamba.

Dziwe la pa loji yawo linali lozungulira ngati mbale, labwino kujambulirapo zithunzi basi. Choncho anayeza chingwe cha mamita makumi asanu, anamanga zigubu ziwiri za mafuta ophikira uku ndi uku, n'kuziponya m'nyanja. Miyezi isanu yathunthu, khoka likatuluka, Bilal ankapalasa kuchoka pa chigubu china kukafika pa chinzake, Che Sadik ali m'boti atavala jekete yoyandamitsa ndi wotchi ya ku Dubai. Pa mpikisano wosankha timu m'tauni, woweruza anali mmodzi, atagwira mawotchi atatu, maso ali pa mawotchiwo. Bilal anapambana. Mayiko opanda maiwe ambiri amapatsidwa kamalo kachifundo pa mpikisano waukulu, ndipo kamaloko kanagwera iye.

Ku Ulayako anakapeza nyanja yofoleredwa denga. Kutatsala masiku awiri, kochi weniweni wa timu, mayi Edith Nyasulu, amene Bilal anangomuonera pa bwalo la ndege, anaimirira m'mbali mwa dziwe lokonzekera n'kumuyang'ana akusambira kamodzi. Kamodzi kokha.

"Bambo Mdala, munthu wanuyu anam'phunzitsa kumaliza ndani?"

"Ineyo, mayi."

"Zikuonekadi."

Anawafotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani. Bilal akatsala mkono umodzi kuti afike, ankatembenuka chafufumimba n'kugwira khoma ndi manja awiri. Lamulo limati wosambira chagada agunde khoma akadali chagada. Akatembenuka, oweruza amamuchotsa: palibe nthawi yolembedwa, ngati sanalowe n'komwe m'madzi.

"Nanga munthu amafika pa boti osaliona?" anafunsa Bilal akupukuta nkhope. "Kumbuyo kwa boti kumakhala injini, mayi. Amene satembenuka kwathu tinawaika kalekale."

"Kuno kulibe injini. Waona timbendera tapachikidwa pamwambati? Ukatidutsa kwatsala mamita asanu. Werenga mikono yako, womaliza utambasule, ugunde khoma."

Bilal anawerenga. Ulendo woyamba inakwana isanu, wachiwiri isanu ndi iwiri, wachitatu inayi. Ndipo ulendo uliwonse, khoma likayandikira, thupi linkatembenuka lokha osapempha chilolezo kwa mwini wake. Zaka makumi awiri za kufika pa boti sizikanatha m'masiku awiri.

Che Sadik anakhala pa benchi, chiphaso cha mkulu wa timu chikulendewera pakhosi. Anthu a ku Lungwena anali atauzana kale tsiku ndi ola, ndipo pa doko lonse panalibe mwini foni amene sanagule bandulo. Ankaona dzina lija la wogulitsa usipa likuwadikira pa doko, likuwatsata ku mzikiti, likulembedwa ndi chala pa fumbi la malole awo.

M'mawa wa mpikisano anakokera mayi Edith pambali.

"Lamulolo likuti agunde ndi dzanja?"

"Likuti agunde ali chagada. Chiwalo chilichonse."

"Ngakhale mutu?"

Mayi Edith anawayang'ana kuyambira kumphete mpaka kunsapato. "Zimenezo simunandifunse ine," anatero, n'kuchokapo.

Bilal anali pa mpando, atavala kachipewa ka mphira komwe kankamufinya makutu. Che Sadik anagwada pambali pake, chinthu chimene sanachitirepo ngakhale wolipiritsa msonkho wa katundu ku Dubai.

"Tamva, m'bale wanga. Zowerenga zisiye, sukulu inatikana tonse. Ukaona timbendera, tsinzina, upalase ngati nyanja ikupitirira mpaka ku Mozambiki. Khomalo likuuza lokha kuti wafika."

"Liuza mutu wa ndani?"

"Wako."

"Ehe." Bilal anaseka. "Mutu wanga, manja anu. Amayi anga aja saiwala, Che Sadik. Anakumbukira ukonde umene bambo anang'amba ine ndisanabadwe."

Che Sadik anayang'ana zikhatho zawo, zofewa ngati buledi wa m'ndege, zimene zinagwira chingwe komaliza zaka makumi atatu zapitazo.

"Iwe kasambire," anatero.

Gulu la Bilal linali loyamba, la anthu anayi ochokera m'mayiko amene wolengeza ankawatchula mosamala ngati mayina a mankhwala. Mipando ya oonera inali mbee, kupatula osesa awiri ndi Che Sadik atakweza mbendera yaikulu ngati chitenje cha ukwati. Belu litalira, atatu enawo anadziponya chambuyo n'kusowa pansi pa madzi monga anaphunzitsidwira. Bilal anangogwa phwaa ngati thumba la chimanga. Kenako mikono ija inayamba ntchito. Pofika pakati anali atadutsa mmodzi. Pa timbendera anadutsa wachiwiri. Che Sadik anaona phewa lakumanzere likuyamba kupendekeka, anakuwa m'Chiyao mawu amene sanenedwa pamaso pa apongozi, ndipo phewalo linabwerera.

Guu! Phokosolo linamveka mpaka kumipando yam'mwamba. Wosesa mmodzi anagwetsa tsache.

Pa bolodi panatuluka dzina la Bilal, mbendera ya Malawi, ndi 29.41. Woweruza wa pakhomapo anasuzumira m'madzi, anayang'ana mnzake, koma sanakweze dzanja. Kuswa mutu wako si mlandu.

Pa amuna makumi asanu ndi awiri kudza atatu, Bilal anakhala nambala 68. Amene anadzapambana chikho tsiku lotsatira anamaliza m'masekondi makumi awiri ndi anayi, osavulala paliponse. Zimenezo Che Sadik sanazione kukhala nkhani. Anaimbira foni aliyense wa ku Mangochi amene anali ndi nambala yake, pamene dokotala ankasoka Bilal paliwombo kanayi n'kulemba kalata: masiku khumi ndi asanu osamira, osakoka cholemera.

Masiku atatu anathera m'ndege ndi m'minibasi. A Mwanabibi anamvetsera kalatayo ikuwerengedwa pa doko, anayang'ana bandeji ya mwana wawo, n'kutembenukira kwa Che Sadik.

"Mwapambana, tamva. Palibe adzakutchuleni za usipa. Mawa mulawire."

"Achemwali, ndikutumizirani anyamata anga awiri a pa lole. Awiri m'malo mwa mmodzi! Zimphona!"

"Anyamata anuwo sanalumbire pa doko lino."

Choncho anthu a ku Lungwena anaona zimene Dubai sanaonepo: Che Sadik Mdala, mphete zili m'thumba, buluku lopinda m'mawondo, ali pa mzere wa okoka khoka, akubwerera chambuyo pa mchenga wotentha. Bilal ankakhala pansi pa mtengo ndi tiyi wake, akukuwa kuti kochi awonjezere mphamvu. Tsiku lachitatu matuza anaphulika. Lachisanu ndi chimodzi msana unakana kuwongoka, ndipo ku mzikiti anaswali atakhala pa mpando. Pakamwa pokha ndi pamene sipanatope: wokoka aliyense anamva za denga la dziwe lija kasanu, ndipo ulendo uliwonse dengalo linkatalikirako.

Tsiku lomaliza khoka litatuluka, a Mwanabibi anawaitana, anawauza atambasule zikhatho, n'kuziyang'ana ngati akugula chambo.

"Masiku khumi ndi awiri," anatero. "Akwana. Valani mphete zanu, ngati zingalowe."