Mano Atatu a Singano

Amayi anali atangoyanika nsalu yachiwiri ya pabedi pamene mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, anatulukira asanavule n'komwe yunifolomu.

"Amayi, zotsatira za ababa zinatuluka. Khutu lamanzere linafa, linalo likutsatira. Akudziwa kuyambira Lolemba."

"Ndiye ndimvere kwa iwe? Ine ndine walendi pano?"

Kuseri kwa nyumba, kandege ka abambo koulutsa ndi rimoti kanalira mokuwa, kenaka zii. Kanali kachisanu kuzima m'mawa umodzi. Injini yake, yaing'ono ngati chibakera cha mwana, amaichuna ndi khutu: umapotoza kasingano ka mafuta dzino limodzilimodzi mpaka kulira kukhale bwino. Zaka makumi awiri amayi akhala akulitukwana phokosolo ali kukhitchini, mpaka analiloweza osafuna.

Anawapeza abambo atagwada, thukuta kamukamu, akumangitsabe singanoyo.

"Injiniyi yakalamba," anatero abambo osadzutsa mutu. "Loweruka sindipita kubwalo loulutsira ndege. Anzanga andiseka."

"Yakalamba ndi injini?" Amayi anawerama mpaka pakhutu lamanja. "Mukuimana mafuta, inu! Utsi uli kuti? Mupsereza chinthu!"

"Iwe za ndege wazidziwira kuti?"

"Pa zochapa zanga zomwe mumadetsa. Lizani!"

Abambo anawayang'ana, nayang'ana mwana wawo ali chilili pakhonde, nazindikira kuti chinsinsi chaululika. Analumikiza batire ku pulagi, nakankha pulopela ndi kamtengo. Injini inakuwa mopyapyala ngati mwana wanjala.

Amayi anagwira phewa la amuna awo. Analitsina kamodzi, abambo nabweza singano dzino limodzi. Analitsinanso. Pachitatu kulira kunanenepa, utsi woyera unayamba kufuka, ndipo amayi anamenya phewalo ndi chikhatho kuti basi. Injini inapitirira kulira osatsokomola.

Abambo anaika chala pa phiko kuti amve kunjenjemera kwake.

"Loweruka upita nane?" anakuwa, ngati amayi ndi amene samva.

"Nanga zochapazi achapa ndi anzanuwo?"

Amayi anabwerera ku chingwe. Mphepo inali itaulutsira utsi konko, nsalu zonse ziwiri zili madonthomadontho a mafuta. Anatsonya, nazianula, naziponyanso m'beseni.

"Iwe," anaitana mwana wawo, manja ali m'thovu, "kubwaloko amayamba nthawi yanji?"