Tenti ya pa Maliro a Bambo Ambrose

Amuna anga a Lameck sadutsa chinthu chotayidwa osachitola. Ndawanena mpaka malovu kuuma, koma ndi mutu umodzi womwewo.

M'zaka zimene tinkakhala kudziko la azungu ankagwira ntchito ku Etobicoke, m'nyumba yosungiramo zibaluni zikuluzikulu zija amayenda nazo mumsewu pa chionetsero cha Khrisimasi. Chibaluni chikakalamba n'kuyamba kutaya mpweya, ankachichekacheka n'kukachitaya. A Lameck mtima unkawawawa. Garaja yathu inadzaza ndi zidutswa zonunkha labala, galimoto n'kumagona panja.

Mu Okutobala wa 1976 kunagwa zovuta ku Oshawa: bambo Ambrose anatisiya. Amalawi tinalipo ochepa, choncho tonse tinakhamukira kwa mayi Phyllis, mkazi wawo, kuti mnzathu alire mwaulemu ngati ali kwawo. Mwambo ndi mwambo, amayi m'nyumba, abambo panja. Koma kunja kunkawaza kamvula kozizira kolowa m'mafupa, ndipo abambo ankangonjenjemera pabwalo.

"Musadandaule, ndili ndi tent kunyumba," anatero a Lameck. "Ndingodraiva, ndibwera pompano."

Anabwera ndi chinsalu chopindapinda, abambo n'kuchikoka kuchokera pampanda mpaka pakhoma la nyumba, mbali yotuwa ikuyang'ana pansi. Madzi sanadonthe ngakhale pang'ono. Anthu anawayamikira amuna anga, nanenso, chitsiru ine, ndinanyadira.

Masana a Medson, mkulu wa mpingo, anatiitana tonse kuti tipemphere pamodzi. Tinatuluka titawagwira mayi Phyllis uku ndi uku, n'kuwakhazika pakati penipeni pa tenti. Pemphero la a Medson silifupika. Lili mkati, mvula inakata, dzuwa n'kutuluka.

Titati ameni n'kutsegula maso, tonse tinali ofiira nkhope. Ndinayang'ana kumwamba. Mayo ine! Dzuwa linali litawalitsa mbali inayo ya nsalu, ndipo pamwamba pa anamalira panali chinkhope, mphuno yofiira ngati phwetekere, diso limodzi lotsinzina, kukamwa kuli yasa, mano onse pamtunda, chikuseka.

Mayi wina anakuwa n'kuthawira m'nyumba. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Lameck!" anatero a Medson. "Ichi n'chiyani pa maliro?"

"Ndi clown, bambo, chibaluni cha munthu woseketsa ana. Anamuritaya chaka chatha, ati wakalamba. Pepani, side inayo sindinaicheke."

"Simunaicheke! Mwabweretsa chinthu chodzaseka wamasiye? Gwetsani msanga!"

Abambo anathamangira zingwe. Ine maso anali pa mayi Phyllis. Ndinkadziwa kuti chipongwe chotere munthu amapita nacho kumanda, ndipo ife ndi amene tawachitira. Iwo, khosi chogadama, ankayang'anitsitsa chinkhopecho. Kenako anayang'ana kuseri kwa mpanda, kunyumba za anansi awo, kumene makatani anali otseka chitsekere kuyambira tsiku la imfa.

"Chisiyeni," anatero.

"Mayi, koma chikuseka," anatero a Medson.

"Ndachiona. Takhala mumsewu uno zaka zisanu ndi ziwiri, a Ambrose akuwachotsera anthu awa chipale chofewa pamakomo pawo nthawi yozizira. Mwa eni dziko onse, amene wabwera pa maliro a amuna anga ndi yekhayu. Chisiyeni chikhale."