Kanema wa Anthu Oyera

Kwaya yathu ya ku Kaluluma inakajambulitsa kanema m'munda wa fodya wa a Mphepo, mkulu wa mpingo amenenso amayang'anira kwayayo. Tinavina pakati pa mizere titavala yunifomu yatsopano, ndipo amene anadzipereka koposa tonse anali mayi Dorika, mayi wamasiye woimba alito. Chibadwire anali asanadzionepo pa kanema, moti anali atauza kale mwana wawo wa ku Joni kuti adikire, adzaona amake pa foni.

Wojambula anali Vincent wa kashopu ka pa senta. Kudula ndi kulumikiza zithunzi anamaliza msanga. Chinatsala ndi chimene iye amati ekisipoti, ndiko kutulutsa kanema mu laputopu kuti aikidwe pa fulashi. Laputopu yakeyo ndi nkhalamba. Ikayamba ntchitoyi imalira ngati chigayo, kamzere kobiriwira n'kumakwawa pagalasi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ukasintha kanthu kamodzi kokha uyenera kuyambiranso.

Kamzere kali pafupi kufika kumapeto, a Mphepo anatulukira. Anati kanemayu adzaonetsedwa pamaso pa abusa, choncho simungakhale anthu a mbiri zonunkha. Davison wa besi anaoneka akutuluka m'bala, achotsedwe. Vincent anaimitsa makina, n'kudula Davison, n'kuyambiranso. Mawa lake a Mphepo anabwera ndi dzina la Feliya, ati anatukwana apongozi ake pa mjigo. Kenako Alick wa tena, ati anagulitsa fodya kwa mavenda. Palibe anafunsa kuti a Mphepo ankatani kwa mavendako.

Kenako linafika tsiku la mayi Dorika. Mlandu wawo unali wakuti anasoka fodya Lamulungu. Fodyayo anathyola Loweruka, akanaonongeka pa mulu, ndipo pakhomo pawo palibe wowathandiza. Zinandipweteka mtima kwabasi, chifukwa fodya wa a Mphepo nayenso sadziwa Sabata, kungoti amene amasoka ndi matenanti. Mayiwo anapita kukapempha kuti awasiyireko ngakhale mkono wokha uoneke, mwana wawo adzauzindikira. A Mphepo anati tchimo likalowa munthu limafika ndi kumkono komwe.

Pofika apa kanema anali atasanduka wa alangizi a zaulimi. Podula wochimwa, woyandikana naye ankapitira limodzi, ndiye pagalasi pankaoneka fodya, fodyanso, ndi Princess, mwana wa a Mphepo, amene ankatsogolera nyimbo. Mawu a ochimwa onse ankamvekabe bwinobwino, poti Vincent analephera kuwapatula. A Mphepo anati zimenezo zilibe kanthu, mawu alibe nkhope.

Loweruka lomaliza, kamzere kakukwawa, a Mphepo analowa m'kashopu muja mwakachetechete n'kutseka chitseko. Anatseka mochedwa, nkhani inali itazungulira kale senta yonse: Princess ndi woyembekezera, ndipo za ukwati sizinamveke. Akuluakulu ananena, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Vincent anagwira mbewa ya laputopu mwaulemu n'kufunsa ngati adule Princess, ndipo anachenjeza kuti akatero patsala fodya yekha.

A Mphepo anayang'ana kudenga nthawi yaitali. "Mwana wanga, tonsefe ndife ochimwa," anatero. "Bwezeretsani onse."

"Ndi a Davison omwe, bambo?" anafunsa Vincent.

"Ndi iwo omwe. Ndife yani ife kuti tiweruze?"

Lamulungu kanema anaonetsedwa pa khoma la tchalitchi, kwaya yonse ilimo. Asanayambe, a Mphepo analankhula za chikhululukiro mpaka abusa anapukuta misozi, ife tikungoyang'ana nsapato zathu. Mayi Dorika atadziona akuvina pakati pa fodya anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, ndipo analira osabisa. Ine ndinakondwa, komanso ndinapsa mtima, zonse pamodzi.

Potuluka mayi Dorika anandikoka malaya n'kundinong'oneza. "Mwana wa Princess akadzabadwa mudzandiuze, ndikamuone ndi kankhuku. Akulu a mpingo onse analephera kundimvera chisoni, koma iye wandibwezera mu kwaya asanabadwe n'komwe."