Makala Okhuta

Mayi a Utoto, monga ankawatchulira mumsewu monse, anatsegula kampopi kapansi pa mgolo n'kutchera dzanja. Madzi anatuluka abuluu. Anatseka msangamsanga ngati wina akuwaona.

Mgolowo anaukonza ndi malemu amuna awo. Mayiwo akatha kunyika nsalu, madzi otsala ankawathira m'menemo. Bambowo ankawotcha zitsononkho n'kusinja makala ake, kenako n'kuyala timiyala pansi, mchenga pakati, makala pamwamba. Makalawo ankagwira utoto wonse, madzi n'kumatsikira m'ngalande ali mbee. Ankakonda kuseka kuti makala ndi anzawo: amameza zonse osadandaula, koma akakhuta musawakakamize.

Tsonotu makalawa anali atakhuta kalekale, ndipo mayiwo ankadziwa bwino lomwe. Kuwotcha ena sikukanawavuta, nanga si ankaonerera zaka zonsezi? Koma awa anali omaliza amene bambowo anasinja, akutsokomola, ali chikhalire chifukwa miyendo inali itakana. Kungoganiza zowachotsa, mtima unkawawa ngati maliro achitika dzulo.

Masana kunabwera alamu awo, mlongo wa malemuwo, amene ankalima masamba kumunsi kwa ngalande. Sanakalipe ayi. Anangoika pakhonde mtolo wa masamba ofota, mizu yake yabuluu, n'kunena kuti mabedi onse a m'mphepete apsa, ndipo ogula ayamba kuwalambalala.

"Alamu, inenso achimwene ndimawasowa," anatero. "Koma ana anga amadyera dimba lomwe lija."

Mayi a Utoto anayang'ana mizuyo nthawi yaitali. Kenako anangodzuka n'kukagwira mgolo mbali imodzi, alamuwo n'kugwira inayo.

Makala anakhuthuka olemera, onunkha, akunyezimira mitundu ya nsalu zonse za chaka chimenecho. Zinthu zoterezi sataya paliponse. Bambowo ankati azizikwirira kutali ndi chitsime, choncho awiriwo anakumba dzenje kuseri kwa mpanda n'kututira momwemo. Alamuwo atakweza khasu kuti akwirire, mayiwo anawagwira mkono.

"Tsiku la maliro lija anandichotsa kumanda asanamalize kukwirira. Patseni khasulo."

Anakwirira okha, pang'onopang'ono, n'kusalaza pamwamba ndi manja awo abuluuwo. Alamuwo anawasiya atagwada pomwepo, n'kupita kukakoleza moto wa zitsononkho zatsopano.