Loko Wodina ndi Dzanja

Mwana wanga sanayambe n'kukwawa komwe, koma ndimamusiya ku nesale ndikamapita kuntchito ku famase, kogulitsa mankhwala. M'chipinda chimene ana amagona muli kamera, ndipo ndimaiona pa foni. Ndimasuzumirapo ngakhale kasitomala ali mkati molankhula.

Makina onsewo anakonza ndi alamu anga, ang'ono awo a bambo a kunyumba. Kudzimva kwake inu. Akabwera kwathu amatsegula laputopu patebulo lodyera, kukankha botolo la mwana ndi chigongono, n'kuyamba kundiphunzitsa. Akuti iwo sadinadina zinthu ndi manja ngati anthu wamba. Amalemba malangizo mu fayilo, pulogalamu n'kuwerenga fayiloyo n'kumanga zonse yokha pa makompyuta obwereka a kampani ina ya pa intaneti. Akuti chimene sichinalembedwe mu fayilo ndiye kuti kulibe.

Tsiku lina masana mnzanga wa pakauntala anafuna kuona mwana. Ndinamutumizira linki, ndikudziwa kuti imufunsa pasiwedi. Sinamufunse. Mwana wanga uyo pa foni ya munthu wina, ali gone chagada, kukamwa yasa, thewera lokhalokha. Ndani winanso amene ankamuona?

Ndinapempha kutulukako, ulendo ku ofesi ya alamu. Kachipinda kopanda windo, mawaya pansi ngati zinyalala, eni ake akunyenyera buledi pa kiyibodi.

Anafotokoza mosatekeseka, akutafuna. Kampani ija inabweretsa loko watsopano wa makamera, wofunsa pasiwedi, wakale n'kumuchotsa. Pulogalamu ya alamu yomangira ija ndi yakale, loko watsopanoyo siimudziwa, choncho sakanatha kumulemba mu fayilo. Ndiye katswiriyo anatani? Anakadina ndi dzanja, ngati munthu wamba. Tsono m'mawa uliwonse pulogalamu ija imayerekeza zimene zilipo ndi fayilo, n'kufufuta chilichonse chimene sichinalembedwe. Iyo kuchotsa loko, iwo kubwezera akakumbukira. Tsiku limenelo anaiwala.

"Nanga pulogalamu yatsopano, yodziwa lokoyo, kulibe, alamu?"

"Ilipo, inatuluka kalekale. Koma ndikangoiika ithyola zina. Zimafunika kukhala pansi zimenezo."

"Panopa mwaimirira?"

Anaseka okha. Kenako anadina loko uja ine ndikuona, n'kunditembenuzira laputopu ngati mwana woonetsa mbale kuti wamaliza kudya. Ndinafunsa za mawa m'mawa. Anati ndisade nkhawa, atchera alamu pa foni yowakumbutsa. Alamu kudalira alamu.

Ndili panjira ndinaimbira bambo a kunyumba. Anati mantha anga ndi omwewo a masiku onse, ndisawachititse manyazi ang'ono awo kuntchito, munthuyo anapita kusukulu. Ndinadula.

Ku nesale ndinapeza ana akadali m'tulo. Ndinapempha mpando kwa mayi wowalera, ndinavula nsapato, n'kukwera. Kamera inali yolimba pakhosi koma inatembenuka, mpaka inayang'ana khoma. Mayiyo anandinong'oneza kuti makolo ena adandaula. Ndinamupatsa nambala ya alamu, ndinati aliyense wodandaula aimbire katswiri, amufunse tsiku limene adzakhale pansi.

Ndinabwerera kuntchito. Tsopano foni imandionetsa khoma la penti yosupuka ndi ngodya ya katani. Mwana akalira sindidziwa, akagona chafufumimba sindidziwa. Ndimasuzumirapobe, kasitomala ali mkati molankhula, kuti ndione ngati wina sanaitembenuzenso.