Makapu Awiri a ku Mbeya

"Werenganso pamene akuwoloka Songwe," anatero Isaiah, akukankhira pambali mulu wa malaya a malemu mkulu wake.

Lines anapukuta foni pachitenje. Bambo ake, a Felix Kayange, anali ataikidwa dzana kuno ku Misuku. Chiwagwereni sitiroko, miyendo itakana, ankalemba tinkhani ndi chala chimodzi n'kumatumiza pagulu la WhatsApp la kwaya. Anthu ankangoyankha kuti "Ameni" osawerenga n'komwe. Koma lero, tsiku logawa zovala, aliyense anasanduka katswiri.

Mtsikanayo anawerenga. Munthu wa m'nkhaniyo anadzuka m'mamawa, anasiya khofi atapsa m'munda, n'kuwoloka mtsinje wa Songwe kulowa m'Tanzania osacheuka.

"Mwamva? Osacheuka," anatero Isaiah. "Alamu, musandione ngati woipa. Munthu wokondwa pabanja salemba zothawa. Ndiye ife tikusungeni pano chifukwa chiyani? Kwanu ku Ntcheu kulipo."

Mawuwa ankapita kwa Eunice, mkazi wa malemuyo. Anabwera kuno ali mtsikana, ndipo ku Ntcheu kunatsala manda okhaokha. Koma chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali kuchotsedwa pakhomopo. Zaka zonse zimene ankatembenuza mwamuna wake ndi kumusambitsa, kodi munthuyo ankalota zomuthawa? Nkhanizo sanaziwerengepo. Ankati ndi zotayira nthawi za wodwala.

Mkulu wa mpingo anatsokomola. "Yayi, Songwe ameneyu ndi Yorodano. Mbeya akupitayo ndi kumwamba."

"Kumwamba amagulitsa matayala a njinga?" anafunsa Lines. "Muli matayala umu. Adada amangofuna kuyenda basi. Anatopa ndi mphasa."

"Iwe ndiwe mwana," anatero Isaiah.

Anakangana mpaka zinasokonekera, osadziwika ngati akunena a Felix kapena munthu wa m'nkhaniyo, amene analibe ndi dzina lomwe. Eunice ankaona ngati aliyense wolankhula akunena zoona, mpaka wina atatsegula pakamwa. Anachita mantha.

"Pitiriza, umboni uli kutsogolo," anatero Isaiah.

Lines anawerenga kuti munthuyo atafika ku Mbeya analowa m'tiyirumu n'kuitanitsa chai, makapu awiri.

"Awiri," anatero Isaiah. "Inayo ndi ya ndani? Kuli mkazi kumeneko, nkhani yatha."

Apa ndi pamene Eunice analankhula. "Kapu inayo anatani nayo?"

Lines anatsitsa chala pafoni. "Akuti anapempha kapu yachitatu yopanda kanthu, n'kuyamba kutsanulira tiyiyo uku ndi uku mpaka nthunzi itatha, poti mwini wake sachedwa kupsa lilime. Anaiika patsidya pa tebulo n'kudikira." Anakweza mutu. "Yathera pomwepo."

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa Isaiah.

Lines ankayang'ana mayi ake, akukumbukira bambo ake m'mawa uliwonse, kapu ina atapanira pachifuwa, akuziziritsa tiyi wa mkazi wawo ndi dzanja limodzi lomwe linatsala, wina n'kumatayikira pabulangete.

"Akudikira ine," anatero Eunice. "Ndimachedwa kumanga mpango."

Anaimirira, natola jekete la a Felix pamulu uja popanda kupempha munthu. Analowa nalo kuchipinda kwake, nalipachika pamsomali wake wa masiku onse.