Bokosi la Olemekezeka

Amuna anga, a Uledi, adamwalira Lachiwiri m'mawa kwathu ku Sadzi, ku Zomba. Ankadwala shuga. Miyezi itatu ndidakhala ndikuwaperekeza kuchipatala, ndipo ulendo uliwonse adokotala ankangolemba m'kabuku kawo kuti jakisoni watha.

Aphungu athu, olemekezeka a Chifuniro Mpesi, ndidawalembera kalata kawiri. Sadayankhe. Anali ku Ulaya, ati kukalankhula za ufulu wa odwala. Ndidawamva ndekha pa wailesi akuuza azungu kuti ku Zomba munthu safa chifukwa chosowa mankhwala. Atabwerako adakwera kuphiri ndi alendo awo, kukapitiriza nkhani yomweyo m'hotela.

Uthenga wa maliro ndiwo udawapeza msanga. Dzuwa lisanafike pamutu, lole idaima pakhomo. Adatsitsa bokosi lonyezimira, la zogwirira zonga golide.

"Bwana akuti pepani, mayi," adatero dalaivala wawo. "Bokosili ndi lapamwamba zedi."

Azibambo a kumzikiti adangoyang'anana. Ife Asilamu sitiika munthu m'bokosi. Timamukulunga m'sanda n'kumunyamula pa chithatha chotchedwa jeneza. A Uledi adawavotera aphunguwo kawiri, ankakhala kutsogolo pamisonkhano yawo atavala kachisoti koyera, koma mpaka tsiku limenelo bwanayo sankadziwa kuti amapemphera kuti.

Ndidadzuka pamphasa.

"Likwezeni, achimwene," ndidatero. "Mukawauze bwana alisunge bwino. Odwala shuga pa Sadzi pano alipo ambiri, ndipo ena ndi Akhristu. Mwezi uno sutha lisanapeze mwini wake."